Mawu a achemwali ku Mpatamanga

Zoti tikajambulire vidiyo ya kwaya yathu ku Mpatamanga anayambitsa ndi wojambulayo. Ife tinkafuna pabwalo la tchalitchi chathu pomwe pa Lirangwe, pansi pa mitengo ya mango, kapena tikadzitama kwambiri tipite pakapinga wa maluwa m'tauni monga amachitira makwaya anzathu. Koma iyeyo, bambo wa ku Chileka wovala jekete ya matumba mbali zonse, anangopukusa mutu. Anati mavidiyo a pamaluwa anthu anatopa nawo, ndipo ngati tikufuna kuti munthu aime pamsika kuonerera nyimbo yathu, tikaime pamiyala ya Shire, pomwe mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri. Anatinso kuwala kwabwino kumeneko ndi kwa m'mamawa, choncho tikagone konko. Kugona kutchire, ife azimayi a mabanja athu ndi aphunzitsi athunthu! Ndinatsutsa mpaka malovu kuuma, koma pokweza manja ambiri anali mbali yake.

Chimene chinkandidya mtima masiku amenewo sichinali tchire ayi. Anali achemwali anga, akulu anga opondana nawo. Kwayayo anaitsogolera iwo zaka zambiri, kuyambira ine ndisanadziwe kumanga duku. Mawu awo ankadzaza tchalitchi popanda chokuzira, moti pamaliro anthu a midzi ina ankafunsa ngati amayi oimba aja abwera. Kenako panabwera chotupa pakhosi. Madokotala anawachenjezeratu kuti opaleshoni ikhoza kusintha mawu, ndipo anasinthadi. Moyo anapulumuka, tithokoze Mulungu, koma polankhula ankamveka ngati munthu amene watsokomola mwezi wathunthu. Kuimba anasiyiratu. Chaka chinatha osatulutsa nyimbo ngakhale pochapa.

Utsogoleri unapita kwa mphunzitsi wina wachinyamata wodziwa kiyibodi. Ndime yoimba munthu mmodzi, m'nyimbo imene achemwaliwo anapeka okha, inaperekedwa kwa ine. Ndinailandira, ndisaname, ndipo ndinakondwera nayo, chinthu chimene mpaka lero chimandichititsa manyazi. Iwo ankabwerabe Lachitatu lililonse pokonzekera nyimbo, n'kukhala pabenchi yakumbuyo, manja pamiyendo, chete. Aliyense ankawauza kuti mawu akubwerera, angopirira pang'ono. Inenso ndinkawauza zomwezo ngakhale sindinkamva chobwerera chilichonse.

A komiti anati achemwali aonekere nawo m'vidiyomo. Sizinali zovuta, chifukwa nyimbo tinali titajambula kale kusitudiyo, ndipo pavidiyo munthu umangoyendetsa milomo kutsatira sipika. Achemwaliwo anakana kwamtuwagalu. Anati sangaime pamaso pa anthu n'kumatafuna mphepo ngati akuimba. Ulendo apita nawo, azikatiphikira tiyi ndi kulondera zikwama, koma tikangobwerako kwaya aisiya, ngakhale pabenchi paja sadzakhalaponso. Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinawalalatira pakhonde pawo mpaka nkhuku zinabalalika, kuwauza kuti amenewo ndi matama, kuti Mulungu samva ndi makutu ngati athuwa. Anandisiya ndimalize, kenako anandifunsa ngati ndapeza kale neti yokagonamo. Achemwali akanena chinthu chimakhala chomwecho, ndipo ndinakwera lole ndikudziwa kuti uwu ndi ulendo wotsiriza kuyenda nawo ngati anthu a kwaya imodzi.

Tinanyamuka Lachisanu masana, chimanga titakolola kale. Palole panali lona lalikulu lija timakhoma pamaliro, maneti, mphasa, mbatata, buledi, sipika yaikulu ngati kabati, ndi batire la galimoto loti liziyendetsa sipikayo. Mayunifolomu tinasita dzulo lake n'kuwapinda bwino m'majumbo. Podutsa pa Lunzu tinkaimba, podutsa pa Chileka tinkaimbabe, ndege ina ikutsika pamwamba pathu. Titasiya phula, fumbi linatitseka pakamwa. Msewu unayamba kutsetsereka, kukhota, kutsetserekanso. Tinkakumana ndi njinga za makala zokhazokha, eni ake akukankha chokwera, thukuta kamukamu. Nyumba zinayamba kutalikirana, malambe anachuluka, ndipo kuzizira kwa Juni kumene tinakusiya kwathu kunasanduka kutentha kwa m'chigwa.

Dalaivala atazimitsa injini pafupi ndi mlatho, ndinayesa sanaizimitse. Phokoso linalipobe, lakuya, losaleka, ngati likuchokera pansi pa nthaka. Ndinayang'ana kumwamba kufuna mitambo, kunali mbee. Mnzanga wina anafunsa ngati kuli chigayo chapafupi, ndipo dalaivalayo anaseka n'kuloza kumunsi. Ine Shire ndinkaudziwa pa Zalewa, pawindo la minibasi: madzi otambalala, oyenda mwaulesi, munthu n'kumadya nthochi osayang'anako n'komwe. Sindinkadziwa kuti mtsinje womwewo ungakhale ndi mawu otere.

Pamlathopo tinapeza bambo wina wachikulire wa mbedza m'manja, amene wojambula anapangana naye kuti atitsogolere. Sanayang'ane nkhope zathu. Anayang'ana mapazi. Abale, tinali titavala nsapato za kutchalitchi! Poti tikukajambulidwa, aliyense anatenga yabwino yake, azibambo zopolisha mpaka kudzionamo, azimayi ena a gogoda. Bamboyo anaseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka, n'kutiuza kuti amene akufuna kukafika ndi mano ake onse avule. Miyala ya kumeneko, anatero, imamvana ndi phazi lokha. Ndiye mukanationa, aphunzitsi, mlembi wa mpingo ndi namwino wopuma ntchito, nsapato titamangirira m'khosi, tikudumphadumpha pamchenga wotentha. Achemwali okha ndi amene anabwera ndi patapata wakale, poti iwo sankajambulidwa.

Kanjirako kanayamba mwaulemu, pakati pa udzu wouma wotipitirira mitu. Bambo uja ankatiloza chitedze ndi mbedza yake kuti tisachikhudze. Kenako udzu unatha, ndipo kanjira kanakakamira m'mbali mwa phiri, mbali iyi khoma la mwala, mbali inayi phompho limene ndinalumbira kuti sindiliyang'ana, koma maso ankapita okha. Sipika anaimangirira pamtengo, azibambo awiri akuinyamula ngati mbuzi yopita kumsika. Batire tinkalandirana, ndipo litafika pamutu panga ndinatemberera wojambula, jekete yake, ndi onse amene anakweza manja tsiku lija. Achemwali anali patsogolo panga, beseni la mapoto pamutu, osaligwira n'komwe, akuponda pomwe waponda bambo uja. Sanacheukepo.

Tinayenda ngati ola lathunthu. Phokoso lija linkakula pang'onopang'ono mpaka tinayamba kukuwa polankhulana. Ndiye tinazungulira mwala wina waukulu kuposa nyumba ya abusa, ndipo amene anali patsogolo anangoima. Ine ndinatsala pang'ono kuwagunda ndi batire.

Ndayesa kangapo kufotokozera anthu chimene ndinaona, koma ndimangoona kuti ndikuchichepetsa. Shire yense, madzi onse aja amatambalala pa Zalewa, anali atapanikizika mumpata woti mwamuna wamphamvu akhoza kuponya mwala n'kukagwera tsidya. Sankayenda ayi, ankamenyana. Ankagwa, n'kudzuka, n'kubwerera m'mbuyo, n'kudziunjika okha ngati chulu, kenako chulucho n'kuphulika thovu loyera. Mbali zonse ziwiri makoma a mwala anakwera mpaka khosi kuwawa poyang'ana, pansi akuda bii ndi onyezimira ngati apakidwa mafuta, pamwamba ofiirira. Mitengo ya kachere inamera pamwala penipeni popanda dothi, mizu yake itatsika ngati zingwe kufunafuna ming'alu. Pansi pankanjenjemera. Ndinkakumva kunjenjemerako m'zidendene, m'mawondo, mpaka m'mano. Ndinatula batire pansi osadziwa kuti ndatula, ndipo ndinachita mantha okoma amene sindinawamvepo chibadwire.

Palibe anatulutsa foni kwa kanthawi ndithu, ndipo kwa anthu a kwaya yathu chimenecho n'chozizwitsa pachokha. Tinangoti kakasi, kukamwa yasa, tinthunzi ta madzi tikutinyowetsa kumaso. Mlembi wa mpingo, munthu wosasowa chonena ngakhale pamsonkhano wa mphindi zisanu, anavula chipewa. Ndinayang'ana achemwali. Beseni likadali pamutu, maso ali pamadzi, dzanja limodzi atagwira pakhosi pomwe pali chipsera.

Bambo wa mbedza anatitengera pamchenga wina woyera, kuseri kwa thanthwe lopendekera, pomwe tikanagona. Anatiletsa kupita padziwe labata limene linali chakumunsi, ngakhale kukasamba m'manja, chifukwa pamene madzi akhala chete ndi pamene ng'ona imadikira. Kenako anatilozera m'mwamba. Pakhoma la mwala, pamtunda woti anthu atatu atakwerana sangafikepo, panali chimtengo chathunthu chouma, chitapanikizika chopingasa mumng'alu. Anati anachisiya pamenepo ndi madzi a dzinja. Ndinayang'ana mtengowo, n'kuyang'ana mchenga umene tinkayalapo mphasa. Ndiye kuti zimene tinkaziona ngati ukali wake wonse, kwa mtsinjewo zinali kupuma chabe.

Lona tinalimanga ndi zingwe kumiyala ndi kumitengo, azimayi mbali ino, azibambo kuseri, maneti akulendewera pansi pake. Wina ananena kuti lona limeneli kwa nthawi yoyamba lamangidwa popanda womwalira, ndipo tinaseka mopitirira muyeso chifukwa cha mantha omwe aja. Ntchito itatha ndinayendayenda pamathanthwe. Ponseponse panali maenje ozungulira, osalala m'kati, ena ngati mtondo, ena oti munthu n'kulowamo mpaka m'chiuno, ndipo pansi pa lililonse panali mwala wobulungira. Bambo uja anandiuza kuti madzi akasefukira amauzunguza mwalawo, chaka ndi chaka, mpaka kuboola thanthwe. Ndinalowetsa dzanja n'kusisita. Ndinaganiza za agogo a agogo anga, kuti pamene ankabadwa dzenje limeneli linali kale chonchi, mwina losiyana ndi kachikhadabo kokha.

Dzuwa kumeneko limalowa msanga, chifukwa phiri limalitchinga. Ife tinali kale mumthunzi pamene pamwamba pa khoma la tsidya pankayakabe psuu, ndipo kuwalako kunkakwera pang'onopang'ono mpaka kunathera pansonga za mitengo. Anyani anatsika n'kukhala mondandana pamwala wa tsidya, ana pamsana, akutiyang'ana monga mpingo uyang'anira alendo. Achemwali anawotcha mbatata n'kuphika tiyi, osalankhula ndi munthu, poti ndi mawu awo aja ndani akanawamva pamenepo. Tisanadye, mlembi anapemphera. Tinkangoona milomo ikuyenda. Tinadziwa kuti wafika pa ameni titaona watsegula maso ndi kutenga kapu. Tinaseka nazo zimenezo, ndipo mwa anthu onse aja, ophunzira athunthu, panalibe ngakhale mmodzi amene anayang'ana sipika ija n'kudzifunsa kanthu.

Kutacha, m'chigwamo munali nthunzi yokhayokha, ikukwera kuchokera pamadzi ngati utsi. Tinavala mayunifolomu tikunjenjemera ndi chisanu, mabulauzi oyera, masiketi obiriwira, azibambo mataye. Tinadzola mafuta, tinamangana maduku, nsapato zija tinazinyamula m'manja mpaka pathanthwe lalikulu lafulati limene wojambula anasankha, m'mphepete mwenimweni mwa mkokomo. Titangofola, dzuwa linasuzumira pampata wa mapiri n'kulasa nthunzi ija. Utawaleza unaima kumbuyo kwathu, wathunthu, phazi limodzi tsidya lino, lina tsidya lija, pafupi moti ndinkaona ngati ndingaugwire. Anamzeze mazanamazana ankaudutsa uku ndi uku. Wojambula ankalumpha ngati mwana, akukuwa kuti tiyambe, tiyambe, kuwalaku sikudikira munthu.

Mphunzitsi wa kwaya analumikiza batire n'kuyatsa sipika. Kanyali kanayaka. Tinadikira nyimbo. Iye anatiyang'ana, ife tinamuyang'ana. Anapotokola kokwezera mawu mpaka kumapeto, ndipo tinkaona kansalu ka kutsogolo kwa sipika kakunjenjemera, koma chofika m'makutu mwathu chinali Shire basi. Anaisendeza pafupi mpaka inayamba kuoneka m'kamera. Amene anali kumapeto kwa mzere ankamva kaphokoso ngati ka udzudzu, enafe zii. Chisipika chimene chinatithyola misana dzulo lonse!

Tinayesa kungoyamba tokha powerenga mpaka katatu. Zinali zomvetsa chisoni. A kumanzere ankapendekera kumanja pamene a kumanja akupendekera kumanzere, mapewa n'kumagundana. Azibambo anali pakolasi ife tikadali pandime yoyamba. Mphunzitsi wathu ndi katswiri ndithu, koma anazolowera kuti kugunda kwa nyimbo kumachokera m'kiyibodi, ndipo atayesa kutitsogolera ndi manja ankangokupiza ngati akuthamangitsa ntchentche. Wojambula anati milomo ikapanda kugwirizana ndi nyimbo ya kusitudiyo, vidiyo yonse ndi yotaya. Utawaleza unayamba kuzilala. Ine ndinapsa mtima n'kuyamba kukalipira aliyense, koma ubwino wake palibe anandimva.

Achemwali anali chapatali pamchenga, akutsuka makapu. Ndinawaona akuimika ntchito, akuyang'ana chisokonezo chathucho, nkhope ikukwinyika monga inkachitira kale wina akaphonya poyambira. Anapirira kawiri. Kachitatu anaponya kapu m'beseni, anapukuta manja pachitenje, n'kubwera chothamanga pamiyala ndi patapata wawo uja. Sanapemphe chilolezo kwa munthu. Analanda foni ya mphunzitsi momwe munali nyimboyo, anatenga timahedifoni ta wojambula n'kutitsekera m'makutu, anakwera pamwala wautali kumbuyo kwa kamera, n'kukweza dzanja lamanja m'mwamba. Sikunali kutimvera chisoni ayi. Nyimbo yawo inkaphedwa iwo akuona, ndiye zinawanyansa.

Dzanja limenelo tonse akale tinakulira pansi pake. Litatsika, tinalowa pamodzi ngati munthu mmodzi. Ndipo poti panalibe sipika yoti tiitsatire, palibe anayendetsa milomo chabe. Tinaimba zenizeni, ndi mphamvu zonse, aliyense osadzimva yekha, osamva mnzake, maso onse padzanja lija. Sindinaimbepo chonchija. Ndinkatsegula kukamwa mpaka nthiti kuwawa, mawu n'kumangotengedwa ndi mkokomo asanafike n'komwe m'makutu mwanga. Nyimboyo imanena za Mulungu amene anaika mapiri m'malo mwake, ndipo ndinali nditaiimba kambirimbiri ndikuganiza za ndiwo za madzulo. Tsiku limenelo, thanthwe likunjenjemera kupazi, madzi akundiwaza kumsana, ndinachita tsemwe thupi lonse. Ndinadziona kuchepa ngati nyerere, koma osadandaula nako kuchepako.

Tili pakati poimba kachiwiri ndi pamene ndinaona. Kukamwa kwa achemwali kunali kotsegula. Poyamba ndinati akungotithandiza mawu a nyimbo ndi milomo, koma ayi. Mitsempha ya m'khosi inali itatupa mbali zonse za chipsera, chifuwa chikukwera ndi kutsika, akukoka mpweya pomwe woimba amakokera. Munthu woyerekeza sapuma choncho. Ndinaphonya polowera ndime yanga, ndipo dzanja lija linandiloza mwaukali mpaka ndinabwerera m'mzere.

Wojambula atati tipume kuti asunthe kamera, ndinatenga botolo la madzi n'kukwera pamwala pawo. Anali atatembenukira kumtsinje, maso otseka, mahedifoni akadali m'makutu, nyimbo ikupitirira m'foni. Sanandione. Ndinafika pafupi moti ndikanawagwira phewa, ndipo apo ndinawamva. Mayo ine. Anali mawu osweka, okhakhala, othawa pokwera, ena osatuluka n'komwe, mpweya wokha. Mwa mawu aja ankadzaza tchalitchi munalibemo ngakhale theka la theka. Koma ankawatulutsa onse, osabisako, nkhope ili ngwee ngati ya mtsikana. Iwo sankadzimva, mtsinje ndi mahedifoni zinawatsekera. Wowamva m'dziko lonse ndinali ine ndekha, ndipo ndinaona ngati ndalowa m'bafa muli munthu. Ndinabwerera chafutambuyo, botolo lili m'manja.

Tinajambula mpaka dzuwa linafika pamutu, pathanthwe lija, pamchenga, ndi pansi pa kachere wina. Paliponse achemwali ankaima kumbuyo kwa kamera. Titamaliza anabweza foni kwa mwini wake n'kukapitiriza makapu awo. Tinamasula lona, tinakwirira phulusa, bambo wa mbedza anatiuza titole kapepala kalikonse. Ndisananyamuke ndinapitanso m'mphepete ndekha kukayang'ana komaliza. Madzi ankangochita zomwe ankachita tisanabwere, ndipo ndinadziwa kuti azichitabe ife titapita, usana ndi usiku, popanda woonerera.

Kukwera kunali kowawa kuposa kutsika. Miyala inali itatentha, mapazi atatupa, sipika ija aliyense ankaiyang'ana ndi diso loipa. Ine ndinkatsalira dala, chifukwa sindinkadziwa kuti ndiwayang'ana bwanji achemwali. Mkokomo unkachepa pang'onopang'ono kumbuyo kwathu, mpaka ndinayamba kumvanso mapazi anga ndi kulira kwa njiwa. Pamene kanjira kamalowa muudzu muja, ndinawapeza atakhala pamwala pansi pa mlambe, beseni lili pambali. Ena onse anali atapitirira. Anandiuza ndi dzanja kuti ndikhale.

"Unabwera ndi botolo," anatero ndi mawu awo okhakhala aja. "Nditatsegula maso ndinaona chithunzithunzi chako pamwala. Unandimva?"

Bodza linali kale pamlomo. Ndikanati phokoso linali lalikulu, sindinamve kanthu, ndipo zikanathera pomwepo. Koma anandiyang'ana m'maso mwenimweni, ndipo ndinavomera kuti ndinawamva.

"Ndiye anali bwanji? Usandiuze za Lachitatu zija. Chaka chonse mwakhala mukundinamiza ngati mwana. Ine ndimafuna munthu mmodzi yekha andiuze."

Ndinayang'ana pansi. Ine amene ndimalankhula mosaopa munthu pamsika, pakomiti, ngakhale pamaso pa abusa, ndinapempha Mulungu kuti wina abwerere kudzatiitana, koma kanjira kanali zii.

"Ndi oipa, achemwali," ndinatero. "Ndi osweka. Pokwera sakufika. Sadzabwereranso ngati kale, ndipo ndinkadziwa kalekale." Misozi inali itayamba kale kugwera pabulauzi yoyera ija. "Koma simunaphonye ngakhale pamodzi. Ife tonse a mawu athu tinasochera, inu ayi."

Anayang'ana kumene tinachokera, komwe nthunzi inkaonekabe pang'ono pakati pa mapiri. Ndinati basi, ndawapha ndi pakamwa pangapa, ndipo sadzandilankhulanso. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Oipa," anabwereza, akugwedeza mutu. "Eya. Nanenso ndinkaganiza choncho, koma ndinkaopa kuwayesa ndekha m'nyumba." Anaimirira, anakonza nkhata, ndipo ndinawathandiza kusenza beseni. Atayenda mapazi awiri anaima osacheuka. "Lachitatu ndidzaima pambali pako, mzere wachiwiri. Iwe uzikuwa monga unkakuwira kumtsinje kuja, anthu asamandimve kwambiri. Ndime ija ndi yako, koma umaithamangitsa pomaliza. Ndidzakukonza."

Ndinatsala pamwalapo ndikulira mokweza ngati mwana wotayika pamsika, nsapato zili m'khosi, mpaka ndinamva hutala ya lole kumtunda. Ndiye ndinanyamuka n'kuthamanga kuti ndiwapeze.